Tsiku limene anandilira ndili moyo

Anthu ambiri maliro awo sawaona. Ine anga ndinawaona, ndipo kunena zoona, mawu ena amene ndinamva kumeneko sanandikomere.

Mdzukulu wanga Tisa amaimba nyimbo za kantiri, zija za azungu oweta ng'ombe, zimene gitala yake imalira ngati mwana wamasiye. Matendawa anatengera kwa ine (sukulu inandikana msanga, koma wailesi sinandikanepo). Chaka chatha anakajambulitsa chimbale chake ku situdiyo ku Lusaka. Atachipereka kwa madalaivala a minibasi za ku Silverest, iwo anati nyimbo zotere zimagonetsa munthu pachiwongolero. Anafika kwathu ku Bundabunda maso ali psuu.

"Agogo, naleka. Gitala nigulitsa."

"Usayese! Pa Chiweru nizadzaza bwalo ili, anthu akumve."

Sindinaitane munthu. Ndinati sipika idzaitana yokha. Mkazi wanga, amake Mabvuto, atapita kuchigayo, ndinabwereka chisipika, ndinatulutsa mipando yonse panja, ndi sofa yomwe, ndinamanga lona pamtengo wa mango. Poti kunali chisanu cha Juni, ndinasonkha chikuni chachikulu pakati pa bwalo. Inu mwaona kale kumene zikupita. Ine sindinaone.

Nyimbo yoyamba ya chimbale chija itayamba kulira pasipika, inali yotsanzikana ndi munthu wopita kutali. Msana utandipweteka, ndinalowa m'nyumba yopanda kanthu ija, ndinagona pamphasa, bulangeti mpaka m'khosi, chipewa kumaso ngati kauboyi weniweni. Tisa anatsala pakhonde akulira, poti palibe anali atabwera.

Chinandidzutsa ndi mfuu yochokera kumsewu.

"Mayo ine! Atate ake Mabvuto atisiya!"

Azimayi analowa, nakhala pansi mondizungulira. Ndikanadzuka pomwepo, koma munthu umafuna kumvako pang'ono (musaname, nanunso mukanatero). Wina ananong'oneza kuti, "Anali abwino, koma bodza, mayi!" Kenaka pakhomo panamveka ba Mwansa, Mubemba woyandikana nafe, amene mwa chimbuya, chibale chanthabwala cha mitundu yathu, ali ndi ufulu wotinyoza ife akummawa pamaliro.

"Wapita wakudya mbewa! Mbewa za mu Chongwe lelo zipumule!"

Ndinaluma bulangeti kuti ndisaseke. Koma ndinamva thumba la ufa likugwa panja, ndi kulira kumene ndimakudziwa. Anali amake Mabvuto. Kuja sikunali kulira kwa mwambo ayi. Apo nthabwala inatha, ndinadzuka.

Mayi wa "bodza" uja anatulukira pawindo. Ba Mwansa, ufa umene anabwera nawo kuti apake ofedwa mwa mwambo wa chimbuya, anathira wakufayo kumutu. Mkazi wanga anandigwira masaya, kuona kuti ndi ofunda, ndiye anandikwapula ndi chipewa changa chomwe.

"Mukafuna kufa muziyamba mwaniuza, nkhalamba yopusa inu!"

Koma taonani: bwalo linali litadzaza, moto ukuyaka, misozi ili kale pafupi. Palibe anachoka. Anamvera chimbale chonse, nati abwereze, kenaka Tisa anatenga gitala kuimba yekha. Azibambo amanamizira utsi.

Gitala ija sanagulitse. Lero amamuitana mpaka ku Kasisi, makamaka kumaliro, ndipo iye sadandaula.

Wodandaula ndine. Ba Mwansa akuti tsiku lenileni sadzabwera, analira kale. Ndamuuza Tisa kuti akadzangotulutsa sofa ndi kukhudza gitala, adzabwera okha, ngakhale kudzangoona ngati ulendo uno ndanena zoona.