Ndinangofunsa za Ng'ombe

Lolemba
Ntchito ya sabata ino: kuyerekeza maukwati a kwathu ku Thyolo ndi a kuno ku Mzuzu. Kwathu mwamuna amakakhala chikamwini, kuno amapereka ng'ombe n'kutenga mkazi. Pepala la kafukufukuyu likawasangalatsa aphunzitsi anga akale ku Zomba, sukulu ya kunja yatheka. Za ndale sindikhudza, khadi la chipani lili m'thumba. Ng'ombe sizinamangitsepo munthu.

Lachiwiri
Ku Zolozolo, kwa a Gondwe, mkulu wa mpingo. Chitumbuka changa chimathera pa "yewo chomene", ndiye ndatenga a Mhango, mphunzitsi mnzanga, azindiyankhulira. Ndavala jekete. Ine chete, a Mhango akufunsa: mwana wamkazi wophunzira, ng'ombe zingati? A Gondwe akuyang'anitsitsa nsapato zanga. Nkhuku yaphedwa. Anthu olemekeza maphunziro awa!

Lachitatu
Kusukulu aliyense akundigwira chanza. Ahedi: "Mwasankha bwino, nesi ameneyo." Nesi uti? A Mhango akuseka mpaka kutsokomola. Akuti mbeta yamphongo yovala jekete, yokhala duu mnzake akufunsa za ng'ombe, kuno ndiye kuti yabwera ndi thenga, munthu woifunsirira mkazi. Nesiyo ndi mwana wa a Gondwe. Nanga dzulo bwanji osandiuza? "Ndimayesa mukudziwa, si inu a digiri?"

Lachinayi
Kafukufuku asaime. Ku Msongwe, banja lochokera ku Nkhata Bay. Mayi a pakhomo angondiona pamsewu, ana aakazi onse m'nyumba. "Kwa a Gondwe simunamalize, mwayamba kale kuno?" Chitseko phwa! Zomwe ndapeza lero: matope, chimfine.

Lachisanu
Ndikufuna ndikafotokoze kwa a Gondwe. A Mhango akuti kubweza mawu utadya nkhuku ya eni ndi kunyoza mtundu wonse. Zaka zonse zija ndikuwerenga za anthu a pazilumba zakutali, palibe buku limene linati usadye nkhuku! Madzulo azakhali a mtsikanayo atulukira kudzaona nyumba. Mpando umodzi, mbale imodzi, mabuku mpaka pawindo. "Kodi mwana wathu azidzadya mapepala?" Pepala langa lili ndi mutu wokha.

Loweruka
Kumsika. Wina wandiima kutsogolo, wamtali, ambulera m'manja. NyaGondwe mwini wake, nesi uja. Ndayamba kupepesa, wandidula: "Musavutike, aphunzitsi. Adada ndawauza kale kuti sindikufuna. Mwamuna wofunsa mtengo asanaone munthu?" Wapita. Wandikana! Ine amene sindinamufunsire! Ndipo pa ine chavuta n'chiyani kwenikweni?

Lamulungu
Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga. A Gondwe andigwira mkono ngati tili pamaliro: "Pepani mwana wanga, mudzapeza wina." Palibe khomo limene lindiyankhenso funso mumzinda muno. Ku Zomba sikupita kanthu, sukulu ya kunja tiiwale. Zotsatira za kafukufuku: kwathu amakukana ukafunsira, kuno amakukana usanafunsire. Ndapinda jekete.

Koma ambulera ija NyaGondwe amaigwira bwino.