Bulugamu wa a Muhiwa

Lolemba, m'mawa

Dzulo titaweruka kutchalitchi, anthu a kuno ku Mapuloti andisankha kukhala wapampando wa komiti ya mlatho. Sindinapemphe. Ndinangoimirira kuti ndimange bwino chitenje, anthu n'kuyamba kuwomba m'manja.

Komabe sindikana. Chigwembe chomwe madzi osefukira aja anakumba chatidula pakati. Nyumba zathu zili tsidya lino. Sukulu, chigayo, tchalitchi ndi manda zili tsidya linalo. Chilimwe timatsetsereka n'kukwera ngati mbuzi. Mvula ikagwa timazungulira ku msewu wa tala, ulendo woti munthu umafika utayiwala chomwe umakatenga.

Chaka chatha, ponyamula maliro a amuna anga, mmodzi mwa onyamulawo anaterereka potsika, bokosi n'kugunda pansi. Kugunda kwake ndimakumvabe ndikamaponda makina osokera. Sindinauzepo munthu.

Ndondomeko ndi yapafupi:
Lachiwiri kudula mtengo.
Lachitatu kucheka.
Lachinayi kukumba maenje.
Lachisanu kukhoma.
Loweruka a khansala adzawoloke oyamba. Ndawatumizira kale uthenga.

Mtengo apereka a Muhiwa, nkhalamba ya kuseri kwa nyumba yangayi, amene anathera unyamata wawo m'minda ya tiyi ku Mulanje. Ndi bulugamu wamkulu uja, anamudzala mwana wawo woyamba atabadwa. Miyendo yawatupa, kupuma kukuwavuta, koma pakamwa pali bwinobwino.

"Mosheliwa, a tcheya," atero, kundipatsa moni wa Chilomwe. "Dulani mtengowo. Ine tsiku langa likadzafika sindifuna kukalowa m'manda chadodolido."

Mayi Muhiwa awakalipira kuti zoterozo sayankhula m'mawa.

Masana

Pamwamba pa phiri la Michesi pakhala kamtambo kakuda. Nyerere zayamba kututa. Nthawi ilipo, koma si yambiri.

Lachiwiri, m'mawa

Amuna abwera ndi nkhwangwa ndi zingwe. Tisanayambe n'komwe afika a Mulipa, eni ake a golosale ya m'mphepete mwa chigwembe, anzawo a malemu amuna anga. Akuti mtengo sadula popanda chilolezo cha a zankhalango.

Ndafunsa ngati n'choncho ngakhale mtengo wa pakhomo pa munthu.

"Boma lili paliponse, mlamu."

Ndauza amunawo kuti adikire. Ndakwera kabaza wa ku khonsolo.

Madzulo

Pa benchi ndakhalapo mpaka msana kuuma. Bambo wa zankhalango anali munthu wabwino. Akuti mtengo wa pakhomo dulani, bola mudzale ina. Ndikanangothokoza n'kumapita. Koma pakamwa pangapa. Ndawonjezera kuti tikufuna timangire mlatho.

Cholembera anachiika pansi. Akuti mlatho si nkhani ya ofesi yawo, ndipite khomo lachitatu, kwa injiniya.

Injiniya kulibe, ali kumsonkhano, abwera Lachinayi. Mlembi wake, mtsikana waulemu kwambiri, wandifotokozera kuti asanayeze iwo sitingaike ngakhale thabwa limodzi.

"Mlathowo ukadzagwa ndi munthu, adzamangidwe ndani, mayi?"

"Nanga munthu akagwa popanda mlatho?"

Waganiza kaye. "Pamenepo palibe womangidwa."

Pobwerera ndapeza amuna aja anatopa ndi kudikira, mtengo anadula kale. Chingwe anakokera kum'mawa, mtengo unasankha kumadzulo. Wagwera pachimbudzi cha a Mulipa.

Munalibe munthu. Ambuye alemekezeke.

Lachitatu, m'mawa

Ocheka matabwa ayamba m'bandakucha. Dera lonse likununkhira bulugamu, ngati tonse tikufukiza chimfine.

A Mulipa aitanitsa msonkhano pamjigo. Za chimbudzi akuti akhululuka. Koma popeza iwo ndiwo avutika, mlatho uyang'anizane ndi khomo la golosale yawo.

Zomwe zamveka pamsonkhanopo:
A kumtunda akufuna mlatho kumtunda.
A kumunsi akuti madzi amapha a kumunsi, ndiye ukhale kumunsi.
A kabaza akufuna wotakata, wopanda zogwirira m'mbali.
Amayi akufuna zogwirira.
Bambo wina amene sindikumudziwa akufunsa ngati padzakhale chakudya.

Ine ndanena kuti mtengo ndi umodzi, kutalika kwake n'kumeneko, ndipo malo opapatiza pomwe ungafike tsidya ndi amodzi okha, pafupi ndi mkuyu. Andiuza kuti wapampando sayenera kukhala ndi mbali.

Tabalalika osagwirizana. Madzi okha ndiwo atungidwa.

Masana

A Muhiwa awatulutsira mpando panja kuti aziwonerera ocheka. Andikodola. Akuti masiku ano amagona chokhala, akagona chagada mpweya umawathawa. Kenako apempha kuti ndiwabweretsere thabwa limodzi. Alisisita ndi chikhatho, alinunkhiza, aligogoda ndi chala.

"Uyu ndi mtengo. Njinga yodzaza makaka a chinangwa idzawoloka osamva kanthu."

Pomwe panali bulugamu pangotsala thambo. Pakhomo pawo pakuwoneka ngati munthu amene wameta kumene. Mayi Muhiwa akuti dzuwa lalowa mpaka kuchipinda, sanazolowere.

Mayunifolomu a ana a eni ake, omwe anandipatsa kuti ndisoke, sindinawakhudze chiyambire sabata ino.

Lachinayi, m'mawa

Tsiku lokumba maenje. Anthu abwera ndithu, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi. Taima pamkuyu paja, a Mulipa atatembenukira kumbali.

Khasu lisanalowe pansi, wina wakuwa kuchokera tsidya kuti kusukulu akulemba mayina a feteleza wotchipa.

Sindinawonepo anthu akuwoloka chigwembe mwa liwiro lotere. Ngakhale aja amati msana, ngakhale aja amati bondo. Patsala makasu, pikisi imodzi, ndi ine.

Sindikuwada. Mlatho sadya. Ndasonkhanitsa makasuwo, ndawatsekera m'nyumba, nanenso ndapita kukaima pamzere.

Masana

Injiniya wabwera ku ofesi, koma njinga yamoto ilibe mafuta. Akuti nditumize chithunzi pafoni. Ndatumiza. Chithunzi choyamba munalowa chala changa. Chachiwiri munalowa mbuzi.

Wandiimbira yekha. Akuti dothi la m'mbalimo ndi lofewa, likugumukabe, mitengo siingakhalitse. Pakufunika mlatho wa simenti, ndipo awuika pandondomeko ya chaka chamawa.

Ndafunsa kuti nanga dzinja lino tiziwoloka bwanji. Wati, "Mayi, zomwe sindinazione ndi maso sindingaziletse." Ndiye foni yaduka.

Sindikudziwa ngati chimenechi ndi chilolezo. Ndachitenga ngati chilolezo.

Madzulo

A Muhiwa zawavuta dzuwa likupendeka. Galimoto silingafike kuno. Tazula chitseko cha kukhitchini kwawo, tawagonekapo, tawamangirira ndi zitenje. A Mulipa agwira kumutu. Ine ndimayenda pambali nditagwira dzanja.

Potsika, anyamata amaponda mosamala. Titafika pansi penipeni a Muhiwa atsegula maso, ayang'ana makoma a chigwembe uku ndi uku.

"Tikuyeserera eti?"

Palibe amene waseka. Aseka okha, n'kutsokomola mpaka pamwamba.

Lachisanu

Atisiya m'bandakucha, kuchipatala.

Lero linali tsiku lokhoma.

Thupi labwera masana, podzera njira yomweyo. Mwana wawo ali m'njira kuchokera ku Blantyre, koma ganyu inamuthera kalekale, akubwera ndi manja okha. Akuluakulu akhala pansi kukambirana za bokosi. Matabwa athu ali pomwepo, osanjikizidwa bwino m'mbali mwa nyumba ya siwa. Aliyense akuyang'ana kwina. Wina akuyang'ana nsapato zake, wina akuyang'ana Michesi.

Mayi Muhiwa atuma munthu kudzandiitana. Ndawapeza pamphasa, mawu atasasa.

"A tcheya, mtengo uja tinapereka kale, si wathunso. Ndikupempha ngati mlendo."

Ndinafuna kunena kuti ndikafunse kaye komiti. Koma ndasiya. Ndati tengani.

Kalipentala akudandaula kuti matabwa ndi aawisi, bokosi lidzalemera ngati ng'ombe. Wasankha abwino okhaokha. Otsala ayalidwa panjerwa kuti anthu akhalepo. Nthambi ndi makungwa zapita kwa amayi ophika, mphika wa nyemba za kalongonda umafuna nkhuni za tsiku lonse.

A Mulipa abweretsa misomali ya mugolosale yawo, n'kuithira m'manja mwa kalipentala. Kenako apita kuseri kwa nyumba. Ndinawawona mapewa akugwedezeka.

Nsalu yoyera ya m'kati mwa bokosi ndasoka ine. Ndiyo ntchito yokha yomwe makina agwira sabata ino.

Za mlatho zatsala: mitanda iwiri ikuluikulu, yagona pamkuyu.

Loweruka

Adzukulu anyamula bokosi, ayenda nalo mpaka m'mphepete mwa chigwembe, aima. Wamkulu wawo wayang'ana pansi, wapukusa mutu. Akuti ndi kulemera kumeneku satsika, wina athyoka.

Tatembenuka tonse. Tazungulira ku tala.

Dzuwa linali loswa mtengo. Tadutsa pamsika, ogulitsa matemba a ku Chilwa aimirira n'kuvula zipewa. Tadutsa pachipata cha khonsolo, potseka, mlonda yekha ataima njo. Minibasi zimaima m'mbali. Nyimbo zonse za maliro zomwe kwaya imadziwa zatha, ayambiranso yoyamba. Onyamula amasinthana pafupipafupi. Utomoni umatuluka m'matabwa n'kumamatira m'malaya.

Koma bokosi silinagunde pansi. Ndimaliyang'ana njira yonse.

A khansala ndinayiwala kuwauza. Afika ku Mapuloti atavala suti, liboni ndi sizasi zili m'thumba, apeza dera lonse kuli zii, mitanda iwiri ndi agalu. Atilondola pa kabaza, atipeza pamsika. Avula jekete, aika phewa pansi pa bokosi, anyamula nawo mtunda wautali ndithu.

Kumanda apatsidwa mpata woyankhula. Alonjeza mlatho wa simenti, wa zitsulo m'mbali, woti ngakhale ambulansi izidutsa. Akuti udzatchedwa dzina la a Muhiwa. Anthu ang'ung'udza movomereza, monga timachitira.

Pobwerera anditengera pambali. Suti yawo yathimbirira ndi utomoni. Akuti nkhani ya chigwembe chathu amaitchula pamsonkhano uliwonse, koma milatho yomwe inakokoloka ndi yambiri, ndipo cha ku Jenala kuli midzi yomwe dzinja amayi oyembekezera amawawolotsa pabwato.

"Sindikunamizani, mayi. Chaka chino sizitheka."

Ndafunsa chifukwa chomwe sananenere zimenezo kumanda kuja.

"Pamaliro munthu sunena kuti sizitheka."

Ndinakonzeka kudana nawo sabata yonseyi. Zandikanika.

Lamulungu

Yagwa kusanache. Mvula yeniyeni, ya mabingu, ya fungo la dothi. Pofika m'mawa chigwembe chadzaza, madzi ofiira akuthamanga ndi zinyalala za pamsika ndi nsapato ya munthu.

Khoma la pamkuyu lagumuka. Mtanda umodzi wapita nawo, mwina pano uli m'mpunga wa wina kudambo. Winawo a Mulipa awukokera pakhonde pawo, akuti awusunga. Anthu ayamba kale kukhalapo.

Belu la kutchalitchi lalira tsidya. Taima m'mphepete, zovala zathu zabwino zili m'thupi, tikumvera. Abusa atuluka, atibayibitsa, alowanso.

Ndauza a Mulipa kuti ndikutula pansi udindo. Akuti mpando satula dzinja, palibe amene angapezeke woti aulandire. N'zoona. Kunkhope kwa anthu onse kuli chimwemwe. Akubwera mmodzimmodzi kudzatenga makasu awo aja. Mawa ndi kumunda. Komiti idzakumananso tikakolola.

Nanenso mbewu ndatulutsa kale.

Masana

Mvula yasanduka yowaza. Ndapita kukataya phulusa, ndapeza mayi Muhiwa ataima okha m'mphepete mwa chigwembe, mpango wakuda uli kumutu, opanda nsapato. Akuyang'ana tsidya, kumitengo ya kumanda. Abale onse ali m'nyumba, akukangana za malata.

"Dothi lija ndi lofewa," atero osandiyang'ana. "Kaya latitimira. Ndimafuna ndikangowona."

Ndawauza kuti lero sitingawoloke. Akuti akudziwa. Sanasunthe.

Ndalowa m'nyumba kudzatenga ambulera ndi masilipasi ena. Mayunifolomu adikire mawa. Tizungulira ku tala. Iwo amayenda pang'onopang'ono, ndiye ndiwotche kaye chinangwa choti tizidya m'njira.