Kabokosi ka Anthu Asanu

Pali manyazi ena munthu umangosamba n'kuchoka. Awa anga ndayesa sopo, ndayesa mwala, akadali pomwepo. Ndiye ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakamva kwa anthu a ku Domwe akawonjezera mchere, pomwe nkhaniyo ndi yowawa kale.

Ine ndine Domingo, ndimagulitsa mbatata ya kachewere, lero kuno, mawa kutsidya kwa malire. Munthu wa bizinesi ngati ine sayenda ndi foni imodzi ngati mwana wa sukulu. Ndili ndi ya kuno kwathu, ina ya ku Malawi, ya makasitomala a ku Tete, ya nyimbo, ndi ina imene ntchito yake sindinaipezebe. Zonse n'zakaunjika, magalasi ong'aluka, makamera ake amaonetsa munthu ngati ali m'chifunga. Koma ukazitulutsa pagulu, anthu amakupatsa mpando.

Chaka chatha ndinagula kabokosi ka intaneti ku Ulongwe, kaja amati ruta. Kwathu netiweki imavuta, koma kabokosiko ukakapachika pansungwi kamakoka ndithu n'kumagawira mafoni. Wogulitsayo, mnyamata wonditcha tiyu, ndiye kuti amalume, anandichenjeza.

"Tiyu, aka n'kachikale. Kamalola mafoni asanu basi nthawi imodzi. Wachisanu ndi chimodzi amatsala panja."

Ndinaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, pa chapa, minibasi yathu ija, analemba anthu khumi ndi asanu. Unayamba waiona chapa itanyamula anthu khumi ndi asanu? Ife timakwera makumi awiri, mbuzi ziwiri, matumba pamwamba!"

"Si chapa iyi, tiyu."

"Chilichonse ndi chapa, bola kobradolo, wotolera ndalama uja, akhale wochenjera!"

Nditafika kumudzi, senya yolowera, ija ena amati pasiwedi, ndinagawira aliyense, ngakhale agogo amene alibe foni. Anthu ankati kabokosi kamayenda bwino ine ndikachokapo. Ndinkati nsanje chabe.

Tsopano nkhani ndi iyi. Mwana wa alongo anga, Felista, anapeza mwamuna wa ku Fonte Boa. Nkhoswe yaikulu ya Felista si ine ayi, ndi achimwene anga a Zakariya, amene amagwira ntchito yomanga ku Joni. Popanda mawu awo, ukwati palibe. Akuchimuna anali atabwerapo kale ulendo woyamba n'kubwerera manjamanja chifukwa achimwene sanapezeke. Nkhoswe yawo, a Bonifasiyo, mkulu wautali wosaseka, ananeneratu popalasa njinga:

"Tibweranso kamodzi. Kachitatu kulibe. Ndipo tikufuna tiwaone nkhope, mawu okha ayi. Tamva kuti pano pali munthu amene amatha kuyankhula ngati wina aliyense."

Anandiyang'ana ine. Sanalakwe. Mawu a achimwene ndimawatha kuposa eni ake.

Achimwene anatumizira Felista foni yatsopano, yaikulu ngati mbale, n'kulonjeza kuti ayimba pa vidiyo nthawi ya nkhomaliro, chifukwa kapitawo wawo salola foni pantchito. Ine ndinadzimenya pachifuwa. "Za intaneti musiyire ine!"

Tsikulo ndinadzuka m'mamawa, n'kutchaja mafoni anga onse, n'kuwagawa m'matumba: mujekete uku ndi uku, m'buluku uku ndi uku, kotsalako m'sokosi. Alendo aone kuti akukwatira kwa anthu. Kabokosi ndinakayatsa, timagetsi take mbee!

Alendo anafika atatopa, fumbi mpaka m'nsidze. Tinawayalira mphasa pakhonde, a Bonifasiyo pampando. Bwalo linadzaza ndi achibale ndi oonerera. Dzuwa litafika paliwombo, Felista anabwera chogwada n'kundinong'oneza.

"Amalume, foni ikukana kulowa."

"Lembanso senya."

"Ndalemba. Ikungozungulira kenako n'kusiya."

Ndinaitenga ndekha. Kuzungulira, kusiya. Kuzungulira, kusiya.

"Ndadziwa," ndinatero mokweza kuti alendo amve. "Foni iyi ndi yatsopano kwambiri, yonyada. Zinthu za ku Joni sizifuna kukwera galimoto yakale. Tiinyengerera."

Ndinaipukuta ndi malaya, ndinaizimitsa, ndinaiyatsa, ndinaigunditsa ku kabokosi kuti zidziwane. Palibe!

A Bonifasiyo anatsokomola kamodzi. Alongo anga anandiponyera diso limene likanapha nkhuku.

Apo mpamene ndinakumbukira mawu a wogulitsa uja. Anthu asanu! Ndinayang'ana bwalo, mafoni mbwee m'manja mwa anthu. Ndinati eya, chapa yadzaza, ikufunika kobradolo. Ndinakwera pamtondo n'kuyamba ndi mawu enieni a pasiteji:

"Sunthani, sunthani! Amayi inu, fupikani! Achimwene kumbuyoko, malo alipo, malo alipo! Mmodzi yekha akwere!"

"Kodi tisunthire kuti?" wina anafunsa.

"Foni yanga n'chiyambire m'mawa sinalowe," anatero wina.

"Yanganso!"

"Bodza!" ndinakuwa. "Aliyense wa mu chapa amati wakhalira tako limodzi!"

Ndinatenga dengu la mbatata n'kuyamba kutolera mafoni. Anyamata, atsikana, amayi a kwaya, onse m'dengu. Ndinakaliyika pansi pa nsungwi kuti mafoniwo apanikizane, papezeke kampata. Felista anayesanso. Kuzungulira, kusiya.

"Amalume," anatero Felista, "nkhomaliro yawo ikutha."

Ndinakhuthula dengu lija n'kulamula kuti aliyense azimitse yake ine ndikuona. Ena ndinawachotsetsa ndi mabatire omwe. Ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe, kubafa, ngakhale kuchimbudzi ndinagogoda. Munali munthu, ndinamutulutsa ndi foni yake. Felista anayesanso. Palibe!

Thukuta linali likutsika m'msana ngakhale kwathu kumazizira. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uko. Maso anga anakagwera pa thumba la malaya a a Bonifasiyo. Linali litatupa.

Satana akafuna kukumaliza amakupatsa nzeru. Ndinagwada mwaulemu, n'kuwomba m'manja.

"Abambo, pepani. Mmodzi yekha watsala amene sanatsike."

A Bonifasiyo ananditembenukira.

"Mukunena ine?"

"Sindikunena inu, abambo. Ndikunena chimene chili m'thumbamo. Mwina chakhalira mipando iwiri."

"Domingo!" alongo anga anakuwa. Koma pakamwa panga panali patathamanga kale.

"Mafoni ena, abambo, amaba intaneti mwiniwake osadziwa. Kapena akudziwa."

A Bonifasiyo anaimirira pang'onopang'ono, osatha kuimirira, mpaka mutu kufika kudenga la khonde. Anapisa dzanja m'thumba natulutsa kafoni ka mabatani, ka tochi kumutu, komangidwa ndi mphira ya njinga. Anakakweza kuti aliyense aone.

"Aka ndinagula nditangobwerera kuchokera kothawa nkhondo," anatero. Mwina anawonjeza zaka, koma kankaoneka choncho ndithu. "Ntchito yake n'kuwunikira njira ndi kuyimbira akazi anga. Mwana wanga Felista, kodi aka kangayankhulane ndi kabokosi ka amalume akowa?"

Felista anayankha misozi ili lengelenge. "Ayi, abambo. Kameneko sikaidziwa n'komwe intaneti."

"Mwamva? Tapalasa kuchokera ku Fonte Boa kawiri. Koyamba tinapeza palibe nkhoswe. Lero tapeza kuti ndife akuba." Anavala chipewa. "Anyamata, njinga."

Mkamwini wathu uja anayang'ana Felista, Felista anayang'ana pansi. Alongo anga anagwira kumutu. A Bonifasiyo anapinda mwendo wa buluku n'kuulowetsa m'sokosi. Ukaona mkulu wachita zimenezo, ndiye kuti nkhani yatha. Panalibe woyankhula. Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa.

M'chete ameneyo, jekete langa linati: ting!

Ndinachita ngati sindinamve.

Thumba lina: ting! Buluku kumanja: ting! Kumanzere: ting, ting! Kenako kuchokera pansi penipeni, m'sokosi: tiriririii!

Anali achimwene. Atalephera kumupeza Felista, anayamba kuthira mauthenga m'manambala anga onse, ndipo onse anafika bwinobwino, mothamanga, kudzera pa kabokosi.

A Bonifasiyo anatsitsa mwendo umene anali atakweza kale. Anabwera pafupi.

"A Domingo, tatulutsani."

"Abambo, awa ndi a mwini galimoto, sawerengedwa..."

"Tulutsani."

Ndinayamba kutulutsa, bwalo lonse likuwerenga ngati ana a m'kalasi yoyamba.

"Imodzi!"

"Ziwiri!"

"Zitatu!"

"Zinayi!"

Ndinaima. A Bonifasiyo analoza phazi langa ndi mlomo. Ndinavula nsapato pamaso pa apongozi onse. Sokosi yake inali yobowoka pachala.

"Zisanu!"

Felista sanadikire. Anatola imodzi n'kuizimitsa. Foni yake yonyada ija inalowa nthawi yomweyo, psiti, n'kuyamba kulira. Nkhope ya achimwene inadzaza galasi lonse, chisoti cha ntchito kumutu, maso ali psuu.

"Kodi chikuchitika n'chiyani kumeneko? Belu latsala pang'ono kulira! Domingo ali kuti?"

A Bonifasiyo anatenga foniyo ndi manja awiri, navula chipewa. Kwa nthawi yoyamba ndinaona mano awo.

"Pepani, anzathu ankhoswe. Chapa inadzaza."

"Chapa? Inadzaza ndi ndani?"

"Ndi kobradolo."

Nkhani ya ukwati inatha achimwene akuthamangira kuntchito, akuvomera uku akudumpha njerwa. Felista lero ali pabanja ku Fonte Boa, ndipo akandiona amaseka asanandipatse moni. Ine ndinapepesa a Bonifasiyo ndi tambala wanga wamkulu, amene anapita atamangidwa pakaliyala akundiyang'ana mondiimba mlandu. Pamsika wa Domwe dzina la Domingo linafa. Ndikangotulukira ndi matumba anga, amayi ogulitsa nyemba amayamba kukankhana: "Sunthani, sunthani, anthu asanu afika!"

Usanatsitse anzako mu chapa, yamba waona kuti iweyo wakhalira mipando ingati.