Gwape wa Apongozi

Lolemba

Mawawa kuyambira m'mawa. Mzuzu! Chindisamutsireni kuno kuchoka ku Dowa, nsapato zanga sizinaumepo.

Uthenga wafika: apongozi akubwera Lamulungu pa basi. Bambo ake a mkazi wanga, mlenje wodziwika ku Kasungu. Pa ukwati wathu anandiona ndikuthawa nkhuku yodulidwa mutu, ndipo mpaka lero amanditchula kuti "akalaliki" ngati akutchula matenda.

Koma mwayi ulipo. Kudimba kwathu, kumalire ndi tchire, china chake chikudya nsonga za nyemba. A Gondwe oyandikana nafe akuti anachiona ndi maso awo. "Nyiska, dada. Kwanu mukuti gwape."

Basi. Lamulungu apongozi adya gwape wogwidwa ndi manja angawa. Ndalengeza pamaso pa amayi akunyumba. Iwo angoti "Chabwino," osasiya kusita.

Lachiwiri

Ku ofesi ntchito yaima. Aliyense ndi katswiri wa gwape.

Zimene gwape amakonda, malinga ndi anzanga:
kholowa wanthete,
magwafa akugwa okha, osati othyola,
gaga,
mchere, "chomene chomene,"
bata.

Mayi wotaipa makalata akuti gwape amadana ndi fungo la sopo. Ndisasambe mpaka nditamugwira, ndipo m'manja ndizidzola ndowe.

Ndagula mchere wamiyala pamsika waukulu. Pachipata ayufi akufuna khadi ya chipani. Ndili nayo, mwamwayi. Mmodzi akufunsa kuti mchere wonsewu maliro ake ali kuti.

Lachitatu

Msampha watchedwa! Waya ndamasula poyanikira zovala. Kholowa ndathyola m'munda wa amayi akunyumba, magwafa ndagwedeza mtengo wa a Gondwe kuti agwe okha. Ndayala zonse bwinobwino ngati pa tebulo la bwanamkubwa.

Zovala za ana zili pa udzu, sizikuuma. M'nyumba sakundilankhula.

Sindinasambe. Ku ofesi atsekula mawindo onse, kuzizira konseku. Abwana akulankhula nane ataima pakhomo.

Lachinayi

Wakodwa!

Mbandakucha ndikumva phokoso kudimba. Ndikuthamanga ndi mpini, nsapato imodzi. Tchire likugwedezeka. Ndikuyandikira.

"Meee."

Mbuzi. Yoyera, yonenepa, chingwe chofiira m'khosi. Chingwe chimenechi ku Geisha kuno, kumene tikukhala, palibe amene sachidziwa: mbuzi ya atcheya a chipani m'dera lathu. Ndikuimasula, ndikuisisita mwendo, ndikuipepesa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka chochepa chimene ndimadziwa. Sinavulale. Yamaliza kholowa, yanyambita mchere, kenako yanditsatira mpaka pakhonde.

Palibe wationa. A Gondwe okha, amene akutsuka mano pampanda nthawi yayitali kuposa masiku onse.

Lachisanu

Yabweranso. Ndi anzake.

Nyemba zatha. Kholowa watha. Kabichi wa amayi akunyumba watsala zitsa. Kuziponya mwala sindingathe, nanga ndani amagenda mbuzi za atcheya? Ndikungoti "Chonde, chonde," chipewa chili m'manja.

Gwape ngakhale phazi lake.

Madzulo ndakumana ndi atcheyawo pamsewu. "Monire, dada. Ndikumva mbuzi zanga zikukukondani chomene." Akumwetulira. "Munthu wokondedwa ndi mbuzi za eni, ife timamuyang'anitsitsa."

Anthu amapita osabwerako pa nkhani zochepa kuposa mbuzi. Thumba la mchere ndalibisa ku bafa, poti kumeneko sindikupitako.

Loweruka

Nzeru zatsopano: kugula nyama ya mbuzi pamsika, kuidula timizere, kuiwamba pamoto mpaka ide. Nyama yowamba ilibe dzina. Amayi akunyumba akuti, "Bambo anga asaka zaka zonsezi ndi mphuno yomweyo." Sindikuwamvera.

Masana utsi uli tolo, fungo lafika mpaka kumsewu. Odi! Atcheya, ayufi awiri kumbuyo kwawo. Mbuzi yoyera yasowa chiyambire m'mawa.

Onse akuyang'ana pamoto.

"Nyama yanji iyi, dada?"

Ndikati gwape, afunsa chilolezo chosakira. Ndikati mbuzi, ndathera pomwepo. Mnyamata mmodzi wandigwira kale lamba. Amayi akunyumba ayamba kulira, ana nawo alandira.

Ndiye ku bafa chidebe chagwa, phuu! Chitseko chikutsekuka. Ikutuluka mwaulemu, mlomo uli mbuu ndi mchere, chingwe chofiira m'khosi.

Sindinakondepo chamoyo chilichonse ngati mmene ndaikondera mbuzi imeneyi.

Atcheya aseka mpaka kukhala pansi. Ndaulula zonse, za apongozi zomwe. Alawa kachidutswa, alawanso kena. "Mawa ndibwera kudzalonjera mlenje mnzanuyo. Ndipo dada, kasambeni."

Ndasamba.

Lamulungu

Apongozi afika, atcheya nawo afika nthawi ya chakudya yeniyeni. A Gondwe abwera kudzabwereka khasu, ndipo akhala pansi.

Mbale yafika. Apongozi anyamula chidutswa, achinunkhiza, akutafuna pang'onopang'ono. Atcheya akuyang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

"Akalaliki, ndi gwape ameneyu?"

"Eya, bambo."

"Agwape a kuno kumpoto amanona ndithu. Ngati amagona m'khola."

A Gondwe atsamwa. Amayi akunyumba athawira kukhitchini, ndikuwamva akuseka m'chitenje.

Koma apongozi sakuseka. Asamba m'manja, andigwira paphewa, koyamba chikwatirireni mwana wawo. Akuti mtima wosaka ndili nawo, chosowa ndi mphunzitsi. Basi ya mawa sakwera. Sachoka pano mpaka ine nditapha gwape weniweni, ngakhale zitatenga mpaka mvula ya chaka chamawa. Atcheya awomba m'manja: "Yewo! Mlendo wa chipani ameneyu, musamalireni."

Apatsidwa bedi lathu. Ine ndili pamphasa pabalaza, pansi pamene denga limadontha. Akuti mawa andidzutsa tambala asanalire, tikayambe ndi kuphunzira kuyenda osaponda zitsotso.

Kunja mawawa ayambiranso.