Mutu wa Kampango wa Azakhali

Nkhani iyi ndikanakonda ikanamira pakati pa nyanja. Koma poti ku Mbungo akuifotokoza kale mothira mchere, bola muimve kwa mwini manyazi.

Ndinakhala ku Durban zaka zambiri, ndikugwira ntchito kukhitchini ya hotela. Mkazi wanga Esinati atamwalira tinadzamuika kwawo ku Mbungo, pachilumba cha Likoma, ine n'kubwerera kuntchito. Kudya kunandikanika. Ndinaonda mpaka lamba anatha mabowo. Dokotala anandigwira mkono nati, "Bambo, thupi lanu likutha. Muzidya mapuloteni. Mnofu wa nsomba ndiye wabwino, umamanga thupi ndipo suvuta m'mimba."

Mawuwo ndinawasunga ngati vesi.

Nditapuma ntchito ndinabwerera ku Likoma ndi pempho limodzi: kamalo komanga nyumba pamene Esinati anakulira. Woyankha pempholo anali azakhali ake, a Dorika, munthu wamkulu wa banja lonse.

M'mawa wa tsiku lokamba nkhaniyo, alamu anga a Barnaba anakocheza bwato ali ndi kampango. Abale, kampango! Mutu ngati beseni, msana wonyezimira, mchira ukukwekwereza pamchenga. Ndinangoima kukamwa yasa. A Barnaba ndi aakulu kwa ine, koma anamunyamula ndi dzanja limodzi, mkono uli gwa ngati nkhafi. Ndinayang'ana wanga, ndinatsitsa manja a shati. Mumtima ndinati, zimene ankanena dokotala zija ndi izi, munthu womangidwa ndi nsomba kuyambira ku ubwana.

"Alamu, ameneyu ndikonza ndine. Muone za kuhotela!"

Akazi awo anandipatsa mpeni mozengereza. Ndinachotsa khungu, n'kudula mnofu woyera mbee, wopanda munga ndi umodzi womwe.

"Iyi amati fileti. Mphamvu yonse ya nsomba ili apa. Pure protein!"

Onse anangoyang'anana. Ine ndinati agoma.

Mutu, khungu ndi mimba yamafuta ija ndinaziika m'beseni, n'kuyamba kukwera kanjira ka kuseri kwa nyumba, kopita kudzala. Chimene ndinaiwala n'chakuti kanjirako kamapitirira mpaka kwa azakhali, ndipo kubanja limeneli mutu wa nsomba yaikulu ndi wa munthu wamkulu.

"Eee, koma alamu!" anafuula a Barnaba. "Zaka zonsezi simunaiwale khalidwe?"

"Ine kuiwala? Never!" Ndinkayesa akutama ukhondo wanga.

Akazi awo anaimba nthungululu. Ndinamva pambuyo pake kuti nthawi yomweyo anawaimbira foni azakhali: "Ikani mphika pamoto, akamwini akubwera ndi mutu!"

Ine ndinakhuthula zonse m'dzala, n'kubwerera ndikuimba mluzu.

"Mwabwerako kale?" anafunsa a Barnaba.

"Aa, si patali."

"Joni sinakuwonongeni, alamu. Malo mwapata!"

Masana azakhali anatulukira, mphika uli m'manja, tomato ndi anyezi zili momwemo.

"Madzi aphwera kawiri. Mutu uja wasochera pati?"

Ndisanatsegule pakamwa, galu wa aneba anadutsa pakati pa bwalo chafutambuyo, akukoka mutuwo m'fumbi. Unali womulemera. A Barnaba anavula chipewa ngati pamaliro.

"Azakhali, pepani. Dokotala anati mapuloteni ali mu mnofu..."

"Dokotala wanuyo anayamba wayamwapo diso la kampango?"

"Sindinamufunse."

"Mafuta a m'masaya anawalawa?"



Tinakhala pamphasa. Ndinawagawira azakhali fileti ndi kondowole. Anatafuna nthawi yaitali, akundiyang'ana.

"Ndi yabwino," anatero. "Ya odwala."

Apo ndinadziwa kuti malo apita. Ndinayamba kuganiza za tsiku limene sitima ibwere.

Azakhali anasamba m'manja. "Barnaba, akamwiniwa muwapatse malo aja ali kuseri kwa khitchini yanga."

"Azakhali! Munthu wataya mutu kwa galu!"

"Ndiye chifukwa chake! Inu nonse mumandibweretsera mutu mutabudulako kale masaya, mukuyesa sindiona? Awa saufuna n'komwe. Azikhala pafupi. Iwo azidya mapuloteni awowo, ine mitu!"

Nyumba ndinamanga, ndipo thupi labwerera ndithu. Koma ndikangogula nsomba, ndisanafike n'komwe pakhomo, ndimapeza mphika wa azakhali uli kale pakhonde panga.

Mkamwini wanzeru amalandira ulemu, wopusa amalandira malo.