Chikwangwani cha Mlamu Wanga Ndikonza

Inu, tamverani za mlamu wanga, mwamuna wa achemwali. Ife timamutcha Ndikonza, chifukwa akaona chinthu chikugwira ntchito bwinobwino, amapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Ichi ndikonza." Wailesi anaikonza, lero imalankhula pokhapokha mwaiwomba khofi. Ayironi anaikonza, lero ndi yotchinjiriza chitseko kuti chisatsekeke ndi mphepo.

Tsono munthuyu anagula makina a leza otsika mtengo, aja amalemba mawu pathabwa pootcha ndi kuwala kowonda ngati singano. Anawaika m'chipinda chakutsogolo, chija chili ndi khomo loyang'ana kumsewu. Vuto linali lakuti achemwali ndi telala, ndipo chipinda chimenecho anachikhumbira kalekale. Ankasokera pakhonde la kuseri, komwe kasitomala kuti awapeze ankayenera kudumpha mabeseni n'kuwerama pansi pa chingwe choyanikira zovala.

"Bambo, tigwirizane," anatero achemwali. "Pofika Loweruka makina anuwa andilembere chikwangwani chooneka bwino chakuti TIMASOKA ZOVALA PANO. Akalephera, mutuluke nawo m'chipindamo, ndilowemo ine."

"Nanga akatha?"

"Akatha, chipinda n'chanu. Sindidzachitchulanso."

Mlamu anaseka mpaka kuonetsa mano a m'mbali. Ndipo kunena zoona, makinawo atangotuluka m'katoni anali atalemba kale bwinobwino pakathabwa koyesera. Munthu wina akanangodina batani, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mlamu anali ataonera pafoni anthu akukometsa makina oterewa ndi zipangizo zodziumbira okha, ndiye mtima unakana kukhala pansi. Anathamangira kwa mnzake wokonza mafoni n'kubwereka pulinta ija youmba zinthu ndi pulasitiki.

"Akulu, pulasitiki uyu sagwirizana ndi kutentha," anachenjeza wokonza mafoniyo. "Ndikufotokozereni?"

"Ine? Kundifotokozera ine?" anatero mlamu, pulinta ili kale paphewa.

Paja safunsa anadya phula.

Anayamba ndi kuumba miyendo yaitali yolowa m'malo mwa timiyendo tomwe makinawo anabwera nato, akuti makina akwere m'mwamba kuti pansi pazilowa ngakhale thabwa lochindikala. Itatu inatuluka bwino, wachinayi pulinta inatsokomola pakati pa ntchito, unatuluka wopunduka. Mlamu anati palibe kanthu, n'kupachikiza kachidutswa ka katoni. Abale, makina atayamba kuyenda anavina! Kumanzere gwede, kumanja gwede! Zilembo zinatuluka zopendama ngati zalembedwa ndi munthu ali pa njinga.

Achemwali anasuzumira pakhomo. "Chimenecho n'chilankhulo cha dziko liti?"

"Mayi, uku n'kuyesa chabe. Ntchito ya sayansi imafuna kudekha."

Kenako anaumba kamlomo kopemerera mpweya pamalo pomwe kuwala kukuotcha, kuti utsi usadetse thabwa. Kamlomoko kamafuna kapampu kakekake, koma mlamu ndi munthu wa dzanja lolimba, kugula anakana. Anatenga choumitsira tsitsi cha achemwali n'kuchimangirira ku kamlomoko ndi mphira. Inu, choumitsira tsitsi chimatulutsa mpweya wotani? Wotentha! Kamlomo kaja kanafewa, kanalendewera, kenako kanayamba kudontha pathabwa ngati kandulo. Pulasitiki atakumana ndi kuwala kuja, moto lawi! Mlamu anauzima ndi chinthu choyamba chimene anachigwira, chomwe chinali jekete yake yopitira ku misonkhano.

"Kukununkha chiyani uko?" anafuula achemwali ali kuseri.

"Palibe! Ndi fungo la chitukuko!"

Utsi utamukwana, anaumba cholumikizira paipi kuti uzitulukira pawindo. Chimenechi chokha chinagwira ntchito, ndipo chinaigwira mopitirira. Utsi wonse unalunjika pa zofunda zoyera zimene mayi oyandikana nawo nyumba anali atangoyanika. Mayiwo anabwera manja ali m'chiuno.

"Bambo inu, ndachapa ndi sopo wonunkhira, koma zofunda zanga zikumveka ngati ndagona m'thumba la makala! Mukuotcha chiyani muno, matayala?"

Mlamu anathera tsiku lonse atapinda thalauza, akuchapa zofunda za eni ake, anthu odutsa akumupatsa moni mwaulemu wonyanyira. Ndipo kuti chipinda chipite mphepo, anatulutsa makina aja n'kuwasiya padzuwa. Pomwe ankamaliza kuchapa, miyendo yonse inayi inali itafewa n'kupindika, makina atagwada ngati akupepesa.

Apa ndiye mantha anamugwira zenizeni. Linali Lachisanu, pulasitiki atatha, wokonza mafoni atabwera kudzatenga pulinta yake, ndipo achemwali anali atayamba kuyeza windo la chipinda chija ndi tepi, akuimba kanyimbo chapansipansi. Mlamu anandiuza yekha kuti anamva ngati akumulanda ufumu, poti m'nyumba yonse ndi mokhamo momwe ankatha kutaya misomali ndi masikulu pansi popanda womufunsa.

Loweruka m'mawa analibenso nzeru ina. Anachotsa zonse zimene anaumba, n'kufukula m'katoni timiyendo toyambirira tija, n'kutibwezera mwakachetechete chitseko atatseka. Anaika thabwa lomaliza, n'kudina batani ataphimba nkhope.

Inu! Chikwangwani chinatuluka chokongola ngati chogula kusitolo. Zilembo zowongoka, zakuda bii, m'mphepete muli see.

"Mwaona?" anatero mlamu, chifuwa chili patsogolo. "Ndawakonza."

Achemwali anachitembenuza uku ndi uku, ndipo anavomera kugonja. "Chabwino, mwapambana. Chipinda n'chanu. Bweretsani ndikachikhome kuseri."

"Kuseri? Ntchito ngati iyi kuseri? Akaione ndani, mabeseni?"

Anatenga hamala ndi misomali, n'kuchikhoma yekha, ndi manja ake, pakhomo la kumsewu la chipinda chake chija, pomwe aliyense wodutsa angachione. Kenako anawoloka msewu kukachisirira ali patali. Akuluakulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsiku lomwelo kunamveka kugogoda. Mayi wina, nsalu ili m'khwapa.

"Odi! Ndi pano mukusoka?"

"Ayi, zungulirani kuseri," anatero mlamu.

"Kuseri bwanji, chikwangwani chikuti pano?"

Achemwali anatulukira ndi tepi m'khosi. "Bambo, tatulukani pang'ono ndiwayeze mayiwa, ndi kanthawi kochepa." Mlamu anatuluka. Atangolowanso, kunabwera ena awiri ofuna madiresi a ukwati, anatulukanso. Mawa lake munalowa galasi lalitali, poti makasitomala amafuna kudziona. Kenako mpando. Kenako makina osokera, poti kuthamanga uku ndi uku kunkawapweteka achemwali miyendo. Ndipo pa lonjezo lawo sanaphonye ngakhale pang'ono, chipinda sanachitchule.

Ine ndinamupeza atakhala pa kampando panja, makina a leza ali pamwamba pa kabati atafunditsidwa nsalu.

"Alamu, bwanji osangozula chikwangwanicho?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Nthawi yomweyo mayi wina anaima pakhomo, n'kuyang'ana m'mwamba. "Koma ndiye chalembedwa bwino!"

Mlamu anadzuka msangamsanga n'kukonza kolala. "Ndinalemba ndine, mayi. Lowani, atelala ali m'katimo."