Tivi Yovala Tenti

Mukadzandipeza ndili kuseri kwa tivi ndi lichero m'manja, musadzafunse kuti ndikupeta chiyani. Ndikuuzani ndekha lero, ngakhale nkhaniyi imandiwawabe.

Amuna anga anali skauti wolondera nyama, ndipo tinkakhala pa kampu kufupi ndi Nkwali. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, amayi onse ankadzaza m'nyumba mwanga kumvera nyimbo pa wailesi yanga ya makaseti. Ndinali munthu ine! Kenaka aneba anga, amake Tisa, amene amuna awo ankakonza magetsi kumalo ogona alendo odzaona nyama, anagula tivi, sola ndi batire. Lamlungu lotsatira kwanga kunatsala ine ndi nkhuku.

Sindinapite kukaonera (ndinangodutsako kangapo ngati ndikufuna mbuzi yosochera, chonsecho mbuzi tinalibe). Chimene chinandibaya mtima si zithunzi ayi, koma kansalu koyera koluka kamene ankafunditsa tiviyo. Amayi ankakayamikira ngati khanda.

Ndinawakhalira pakhosi amuna anga mpaka tsiku lina anabwera kuchokera ku Mambwe atamangirira panjinga tivi yakale ndi kamakina koonetsera mafilimu. Nditaiyang'ana, inali yaing'ono kuposa ya amake Tisa. Ndinati chabwino, pa msinkhu wandiposa, koma pa chovala aona.

Ndinatenga tenti yakale imene amuna anga ankagonamo kutchire, ija yosalowa mvula, n'kuisokera tivi jekete. Mkati ndinaikamo bulangete, kunja chitenje cha maluwa. Timabowo takumbuyo ndinatitseka bwinobwino kuti mphemvu ndi fumbi zisalowe. Ndinangosiya galasi ndi podutsa mawaya.

"Kodi nayonso ikupita kukalondera njovu?" anafunsa amuna anga.

"Inu dziwani za njovu, za m'nyumba mundisiyire," ndinawayankha.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako kuchigwa kuno akudziwa kuti masana malata amachita kulira ndi dzuwa. Ndinauza amayi kuti abwere fotini awazi, 2 koloko masana. Anabwera onse, amake Tisa ali patsogolo. Anaizungulira tivi ija, n'kuisisita.

"Aneba, simuivula? Ine yanga ikamayaka ndimaichotsa kansalu," anatero amake Tisa.

Mtima wanga unavina. Ndinati basi, nsanje yamugwira mayiyu!

"Yanga siikhala maliseche pamaso pa alendo," ndinatero mokweza kuti onse amve.

Filimu inayamba. Inali ya mayi wina amene ankaganizira mwamuna wake kuti wabisa mkazi m'chipinda. Tonse maso anali pa tivi, thukuta lili kamukamu. Kenaka mmodzi wa alendo anga ananunkhiza m'mwamba.

"Aneba, mwasiya nyemba pamoto?"

Ndinati ayi, mwina ndi kwa ena. Nkhope za m'filimu zinayamba kubiriwira (ine n'kumati ndi mmene anajambulira). Mayi wa m'filimu uja atangogwira chitseko kuti atsegule, tinangomva phu! Chithunzi chinazima, utsi n'kutulukira m'khosi mwa jekete.

Ndinalimbana nalo kuti ndilivule, koma ndinali nditasoka ndi ulusi wa ukonde. Amene anathamangira mpeni n'kuling'amba ndi amake Tisa omwewo. Bulangete linatuluka lotentha ngati lochokera pansi pa simbi. Amayi anandipepesa mwaulemu, kenaka anabwereka filimu yanga kukaimalizira kwa aneba. Ndinalira, ndisaname, ndipo sikuti ndinkalirira tivi.

Wokonza zoterezi dera lonselo anali mmodzi yekha, atate ake Tisa. Ndinameza manyazi n'kukagogoda. Atatsegula kumbuyo anandionetsa kachitsulo kotupa ngati nkhupakupa yokhuta. Anati china chotere chili mu wailesi yanga ya makaseti. Ndinaipereka ndekha, ndikuona, anaichotsa matumbo. Anatenthetsa msomali pambaula, n'kulumikiza kachitsulo kaja ndi mtovu.

"Iyaka, amayi, koma manje yafooka," anatero. "Kumbuyo tisiye kotsegula, ndipo kukatentha muziipatsa mphepo. Mukaleka, izima."

Lamlungu lotsatira ndinamva amake Tisa panja akuuza anzawo kuti, "Tiyeni kwa aneba, asamakhale okha." Chifundo chimenecho chinandiwawa kuposa utsi uja. Komabe nyumba inadzaza monga kale, zimene ndinkafuna zija. Kusiyana kwake n'kwakuti amake Tisa anakhala pampando wanga, ine ndili kuseri kwa tivi, kuikupiza ndi lichero.

"Aneba, limbikirani, mayi wa m'filimu uja wafika pachitseko!" anakuwa amake Tisa.

Ndinakupiza mpaka mkono kuuma. Onse anafuula, ena kuwomba m'manja. Mpaka lero amene anali m'chipindamo sindinamuone nkhope. Kuseri kuja, ukasuzumira pansi pa tebulo, umangoona mapazi a anthu. Ndipo ndi mmene ndinadziwira kuti amake Tisa agula nsapato zatsopano, zofiira, za chidendene chachitali. Amuna anga ndawauza kale.